Kuonetsa filimu yanthabwala zolaula ya operekera zakudya: mmene mungadziwire zimene oonera akuganizadi

Phwete si umboni woti filimu yakondedwa. Munthu amaseka chifukwa zamukomera, amasekanso pobisa manyazi, ndipo wina amangoseka poti wapambali pake wafa nako kuseka. Pa filimu yankhondo wosakondwa amadzuka n'kumapita, nkhani yatha. Pa filimu yanthabwala zolaula zimasokonekera, chifukwa amene anaseka mpaka misozi Loweruka usiku ndi yemweyo amene Lamlungu akuuza anzake kuti malo anu akuononga ana. Malangizo awa ndi a eni mavidiyo sho a pa Chitakale, Limbuli, Luchenza, Bvumbwe kapena pa boma la Thyolo, komanso oyang'anira malesitilanti ndi malo ogona alendo m'munsi mwa phiri la Mulanje amene akufuna kuonetsa antchito awo filimu yotere n'kumva maganizo awo enieni.

Titenga chitsanzo cha Waiting..., filimu ya ku America ya mu 2005 imene analemba ndi kutsogolera Rob McKittrick, yemwenso anagwirapo ntchito yoperekera zakudya. Muli Ryan Reynolds, Justin Long, Anna Faris ndi Luis Guzmán, ndipo ndi ya ola limodzi ndi theka kuphatikizapo mphindi zochepa. Olemba ndemanga m'nyuzipepala ambiri anaipeputsa, koma anthu ogwira ntchito m'malesitilanti anaikonda mpaka inadzatuluka yachiwiri mu 2009. Kusiyana kumeneko, pakati pa oonera ali kunja ndi amene anasenzapo mbale, ndi kumene mukufuna kukupeza m'chipinda chanu.

Ionereni kaye nokha

Musaonetse anthu filimu imene inu simunaionere kuyambira poyamba mpaka pothera. Khalani ndi kope ndi wotchi, ndipo paliponse pamene pali mawu otukwana kwambiri, maliseche kapena zonyansa, lembani mphindi yake. Mu filimu imeneyi nkhani yonse ndi ya tsiku limodzi m'lesitilanti yotchedwa Shenaniganz. Mnyamata watsopano akuonetsedwa ntchito koma sakupatsidwa mpata woyankhula, wina akusinkhasinkha ngati alandire udindo wothandizira bwana, ndipo kukhitchini kuli zake. Malo anayi ndi amene muyenera kuwadziwiratu. Pali masewera a amuna oonetsana maliseche modzidzimutsana, ophatikiza ndi mawu onyoza. Pali pamene ophika akuthira zonyansa m'chakudya chimene mayi wina wamwano wabweza. Pali kasitomala wosiya kangachepe kochepetsetsa. Ndiye pali amuna akuluakulu amene akusirira mtsikana wolandira alendo yemwe sanakwanitse zaka 18. Chomalizachi musachione mopepuka. Kuno kwathu malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo m'chipinda mwanu mudzakhala makolo a atsikana a msinkhu womwewo.

Ngati muli ndi kope lomasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ, lionereni padera. Womasulira kawirikawiri amaonjezera zake, amatchula malo akwathu, amaika zolaula pamene mwini filimu sanaikepo, ndipo mawu amene m'Chingerezi anthu ambiri akanangowadutsa, m'Chichewa amabaya. Mukaonetsa kope limeneli dziwani kuti theka la maganizo amene mudzalandire ndi okhudza DJ.

Chilolezo, ana ndi sipika ya panja

Kuonetsa mafilimu pagulu m'Malawi kumayendetsedwa ndi lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la mu 1968, ndipo bungwe loona za izi ndi Censorship Board. Za umwini wa luso ndi za COSOMA. Pitani kukafunsa musanamate chikalata choitanira anthu, filimuyo muitchule dzina. Ku America inapatsidwa chizindikiro cha R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 salowa popanda kholo kapena womuyang'anira wamkulu, koma chizindikiro chimenecho si chilolezo cha kuno. Pakhomo panu malire akhale zaka 18, ndipo wokayikitsa aonetse chiphaso cha unzika. Woima pakhomo asakhale mnyamata amene anzake angamunyengerere.

Zinthu ziwiri zimene eni malo ambiri amaiwala ndi izi. Choyamba ndi sipika imene imapachikidwa panja kuti iitane odutsa. Tsiku limenelo ichotseni waya, chifukwa amayi ogulitsa nanazi ndi nthochi pafupi nanu sanasankhe kumva zotukwanazo, ndipo dandaulo loyamba kwa amfumu kapena kwa komiti ya msika limachokera kumeneko. Chachiwiri ndi mipata ya m'makoma ndi m'mazenera imene ana amasuzumirapo. Zungulirani nyumbayo masana, wina atayatsa tochi mkati, ndipo paliponse potuluka kuwala mutsekepo ndi katoni kapena chiguduli.

Ndani wakhala pafupi ndi ndani

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Zolaula si zachilendo kwathu kuno. Zili ndi malo ake: kuchinamwali, pakati pa asuweni, pakati pa alamu, ngakhale kumanda pamene adzukulu akuseleulana. Chimene munthu sangachite ndi kuseka zoterezi apongozi ake ali pa benchi lakutsogolo, kapena mlongo wake ali pambali. M'midzi ya Alhomwe ndi Amang'anja ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene amuna ambiri ali pachikamwini, mwayi woti mkamwini akumane ndi akuchikazi m'chipinda chimodzi ndi waukulu. Mkamwini ameneyo adzakhala duu ola lonse ndi theka, nkhope ili gwa, ndipo inu mudzalemba kuti filimu sinamusangalatse pamene iye amangopempha kuti ithe msanga.

Choncho ngati cholinga ndi kumva maganizo, musatsegule chitseko kwa aliyense wodutsa. Itanani anthu pakati pa 30 ndi 40. Ochepera apo munthu mmodzi waphokoso amatenga chipinda chonse, ochuluka kuposa apo simungathe kuwaona nkhope. Mwa iwo pakhale gulu la amene anagwirapo ntchito yoperekera zakudya, kuphika kapena kutsuka mbale, kaya ndi m'malo ogona alendo a ku Likhubula kaya m'kalesitilanti ka nsima pamsika, ndi gulu lina la amene amangodya m'malo otere. Amayi asachepere gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa amayi atatu pakati pa amuna 30 sayankhula. Poitana nenani poyera kuti filimuyo ili ndi zotukwana ndi zamaliseche, kuti wobwera abwere akudziwa, ndipo funsani ngati pa mndandandawo pali wina amene sangakhale naye. Amene sangakhalire limodzi apatseni masiku osiyana.

Bwana asaonere limodzi ndi antchito ake. M'filimu yotere bwana ndi munthu wosekedwa, ndipo palibe woperekera zakudya amene angaseke bwana wa pa sikirini wake weniweni ali kumbuyo. Oledzera abwezeni pakhomo. Amaseka chilichonse ndipo amakoka ena.

Za tsiku: pa tsiku la malipiro m'maesiteti a tiyi anthu amakhala ndi ndalama ndi chisangalalo, ndipo filimu iliyonse imaoneka yabwino. M'miyezi yamvula, pamene tiyi akuthyoledwa kwambiri, anthu amafika atatheratu ndipo ena amagona pa benchi. Onetsani kawiri, masiku osiyana, musanagamule kanthu.

Magetsi ndi mawu

Nthabwala imafa ikadulidwa pakati, ndiye musadalire magetsi a ESCOM okha. TV ya mainchesi 43 pamodzi ndi ampulifaya yaing'ono zimadya mawati osapitirira 200. Batire la mavoti 12 la 100Ah, la mtundu wa asidi, likakhala lodzaza ndi labwinobwino limakupatsani maola awiri ndi theka kudzera pa inveta musanalitsitse kupyola theka, ndipo kulitsitsa kupyola apo kumalipha msanga. Zikukwanira filimuyo ndi babu limodzi. Ngati ndi jenereta, ikhale panja, kutali ndi zenera, chifukwa utsi wake umapha m'chipinda chotseka ndipo phokoso lake limameza mawu.

Filimu yankhondo imamveka ngakhale sipika ili yong'aluka. Iyi ayi, chifukwa zoseketsa zili m'mawu ndipo anthu amayankhula mothamanga, angapo nthawi imodzi. Tsitsani mabesi, kwezani mawu a pakati, ikani sipika imodzi kutsogolo ndi ina chapakati pa chipinda. Ngati ndi ya Chingerezi yatsani mawu olembedwa pansi. Mvula ya ku Mulanje ikayamba kumenya malata opanda siling'i palibe chimene chimamveka, choncho imitsani filimu mudikire, ndipo lembani mphindi imene mwaimitsira. Kuseka kumachedwa kubwerera pambuyo pa kudukiza kulikonse, ndiye mphindi khumi zotsatira musaziwerengere filimuyo ngati zolephera.

Mawu oyamba asapitirire mphindi zitatu

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kufotokoza, apo ayi theka la mkwiyo wa m'filimuyo silidzamveka. Kuno kangachepe ndi chifundo cha kasitomala, akapanda kusiya palibe mlandu. Ku America woperekera zakudya amakhalira kangachepeko. Lamulo la boma lalikulu kumeneko limalola kuti wolandira kangachepe azilipidwa madola 2.13 okha pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe kuyambira mu 1991, ngakhale zigawo zina zinakweza paokha. Kasitomala amayembekezeka kuonjezera madola 15 mpaka 20 pa madola 100 alionse a bilu. Wosiya tindalama tochepa ndiye kuti wamugwiritsa munthu ntchito yaulere. Nenani zimenezi, nenaninso kuti wofuna kutuluka ali ndi ufulu, basi. Musanene kuti filimuyo ndi yoseketsa kwambiri kapena kuti inuyo mumaikonda. Mukatero anthu adzakuyankhani mokusangalatsani, makamaka ngati alowa ulere kapena mwawagulira zakumwa.

Filimu ili mkati

Ikani anthu awiri oyang'ana oonera, wina pakona yakutsogolo, wina kumbuyo pafupi ndi khomo. Onse ayambitse wotchi ya pa foni nthawi imodzi ndi filimu, kuwala kwa foni atakutsitsa. Papepala pakhale mizere ya mphindi, kuseka, kudandaula, otuluka ndi mafoni oyaka. Kuseka akupatse nambala: 1 ngati aseka ochepa, 2 ngati ndi theka, 3 ngati ndi chipinda chonse.

Aphunzitseni kusiyanitsa kuseka kwa mitundu iwiri. Wokondwa amaponya mutu kumbuyo, amamenya mnzake paphewa, amabwereza mawu amene wamva. Wamanyazi amaweramitsa mutu, amagwira pakamwa, amayang'ana kaye ena asanaseke, ndipo kumatsagana ndi "Iii, koma abale!" kapena kutsonya. Kwachiwiriku kulembedwe mu mzere wa kudandaula ngakhale phokoso lake likhale lalikulu. Mafoni oyaka ndiwo chizindikiro chosanama cha kutopa. Filimu ya anthu ambiri chonchi imadumphadumpha kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ndipo mudzaona kuti pali anthu ena a m'filimumo amene akangotulukira mafoni asanu amayaka.

Wotuluka aliyense alembedwe mphindi yake, ndiponso ngati wabwerera. Wopita kukataya madzi amabwerera. Amayi atatu akatulukira limodzi pa mphindi imene inu munailemba kale m'kope lanu lija, mwapeza yankho loposa lililonse limene mungalandire pokambirana.

Zitini kuseri kwa chitenje

Filimu ikangotha musafunse kuti "Mwaiona bwanji?" Woyamba kuyankha amakhala wolimba pakamwa, ndipo ena onse amangoti "ndi momwemo". Musanalole kukambirana kulikonse, anthu aponye mavoti mobisa. Mapepala amavuta chifukwa si onse amene amalemba momasuka, ndiponso anthu amaopa kuti dzanja lawo lidziwika.

Pezani zitini zisanu zosaonekera mkati, zokhala ndi zivindikiro, ndipo muboole kabowo pa chivindikiro chilichonse. Pansi pake yalani kansalu kuti choponyedwacho chisalire, chifukwa anthu ali panja amatha kumva kuti chagwera m'chitini chiti. Zitatu zikhale za funso loyamba, lakuti kodi filimuyi yakusangalatsani, ndipo mujambulepo nkhope yoseka, nkhope yongokhala ndi nkhope yokwinya. Ziwiri zikhale za funso lachiwiri, lakuti ikadzabweranso mungalipire ndalama yanu kuti muionere, eya kapena ayi. Zonse zikhale kuseri kwa chitenje, ndipo azilowa mmodzimmodzi.

Aliyense mumupatse mbewu ziwiri. Amayi apatseni nyemba, abambo chimanga, ndipo amene anagwirapo ntchito m'lesitilanti mbewu zawo muzidontheze penti kapena utoto wa zikhadabo. Mukatero chitini chimodzi chikuuzani zinthu zitatu popanda dzina la munthu. Werengani mbewu musanagawe. Zikadzatuluka zochuluka kuposa zimene munagawa, wina anali ndi chimanga m'thumba, ndipo mavotiwo abwerezedwe. Otuluka filimu isanathe nawonso aponye asanapite. Wa pakhomo awapemphe mwaulemu, chifukwa mukawasiya mwangowerenga okhawo amene anapirira.

Kukambirana

Gawani anthu m'magulu a 6 mpaka 8, amayi paokha motsogozedwa ndi mayi, ogwira ntchito m'malesitilanti paokha. Mphindi 25 zakwana. Wotsogolera asakhale mwini malo, m'busa kapena aliyense amene anthuwo amamuopa.

Mayina a anthu a m'filimu palibe amene adzawakumbukire, ndi ambiri. Atchuleni ndi ntchito zawo: mnyamata watsopano uja, wotsuka mbale wopereka malangizo uja, mayi wolusa kukhitchini koma womwetulira kwa makasitomala uja. Yambani ndi funso lopepuka, lakuti ndi pati pamene munaseka kwambiri. Kenako funsani pamene munalakalaka kuti padumphidwe. Funso limene limatsegula pakamwa ogwira ntchito ndi lakuti, mwa anthu onse aja ndani amene akufanana ndi wina amene munagwirapo naye ntchito. Pamenepo mudzamva za kasitomala wolowa patatsala mphindi zochepa kuti mutseke, za kumwetulira munthu amene wakutukwana, za mbale yosweka imene imadulidwa pa malipiro. Ngati gululi likukamba kwambiri zimenezi kusiyana ndi zamaliseche, ndiye kuti chimene chawagwira ndi ntchitoyo, zolaulazo angozipirira. Lomaliza likhale lakuti, ndani amene simungafune kuti akuoneni mukuonera filimuyi. Yankho lake ndi limene likuuzeni nthawi ndi tsiku loyenera kuionetsa.

Nkhani ya mtsikana wosakwana zaka 18 ija muifunse mwachindunji ngati palibe waitchula, makamaka m'gulu la amayi. Anthu amaidumpha chifukwa ndi yovuta kuiyamba, osati chifukwa sanaione.

Pa za chakudya chothiridwa zonyansa samalani kwambiri. Musafunse munthu pagulu ngati anachitapo zotere. Musalolenso kuti wina atchule dzina la lesitilanti kapena la wophika wa pamalopo. Pamalo ang'onoang'ono ngati Luchenza kapena Chitakale mphekesera yotere imafika pamsika dzuwa lisanatuluke, ndipo ikhoza kugwetsa bizinesi ya munthu wosalakwa, inu n'kutsala ndi mlandu woipitsa mbiri. Wotsogolera anene lamuloli poyamba penipeni. Wolemba alembe mawu okha popanda mayina, ndipo musajambule mawu pa foni popanda chilolezo cha onse, chifukwa zojambulidwa zimathera pa WhatsApp.

Kuwerenga zimene mwapeza

Tiyerekeze kuti munali anthu 40. M'chitini cha nkhope yoseka mwapezeka mbewu 28, chapakati 7, chokwinya 5. Mwini malo wopupuluma aima pomwepo n'kuyamba kulemba chikalata cha Loweruka likudzalo. Tsegulani zitini ziwiri zinazo. Ngati ovomera kulipira ndi 15 okha, anthu osachepera 13 anaseka koma sabweranso. Tsopano siyanitsani nyemba ndi chimanga. Ngati mwa amayi 14 ovomera ndi atatu, filimuyo ndi ya amuna okhaokha usiku, ndipo kuionetsa masana kukuthamangitsirani makasitomala amene amabwerera mafilimu ena. Ngati mbewu zapenti pafupifupi zonse zili ku "eya", muli ndi filimu yoti muziitanira ogwira ntchito m'malesitilanti pa tsiku lawo lopuma, osati ya aliyense.

Musasandutse manambala ang'onoang'onowa kukhala maperesenti. Pa amayi 12, mmodzi akasintha maganizo zotsatira zasuntha ndi 8 pa 100, ndipo chiwerengero chotere chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Lembani kuti "atatu mwa 14", momwemo.

Kenako ikani mapepala a oyang'ana aja pambali pa kope lanu. Pamene onse awiri alemba 3 popanda wotuluka, imeneyo ndi mphamvu ya filimuyo. Pamene wakutsogolo walemba 3 koma wakumbuyo walemba kutsonya ndi otuluka, chipinda chinagawikana, ndipo kawirikawiri anyamata amakhala kutsogolo, akuluakulu kumbuyo. Mapepala akasemphana ndi zonena za pokambirana, khulupirirani zitini ndi miyendo ya otuluka.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, funsaninso anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense payekha, funso limodzi lokha: kodi mwauzako wina za filimu ija, ndipo munamuuza chiyani? Pofika nthawiyi munthu wagona, wakamba ndi akunyumba, ndipo chimene chatsala m'mutu mwake ndi chimene chidzayende m'mudzi. Funsaninso wogulitsa woyandikana nanu ngati wamva chilichonse.

Mapepala onse asungeni pamodzi, mutalembapo tsiku, ngati kunali mvula, ngati linali tsiku la malipiro, ndiponso ngati kope linali la Chingerezi kapena la DJ. Popanda zimenezi simungayerekeze usiku woyamba ndi wachiwiri. Mbewu zapentizo musazibwezere m'thumba la zakudya, ndipo musazisunge m'zitini kudikira ulendo wina chifukwa anankafumbwe sachedwa. Ngati mukufuna zoponya zokhalitsa, tolerani zitsekerero za mabotolo zamitundu inayi, mukulitse mabowo a pa zivindikiro kuti zizilowa.